Nsabwe za Mwana wa Aphunzitsi

Pasukulu imene ndinkaphunzitsa, ntchito yoyendera ukhondo Lolemba lililonse inali yanga. Palibe amene anandipatsa. Ndinadzipatsa ndekha, ndipo ndinkaikonda. Ana ankafola pabwalo, ine n'kumadutsa mzere ndi mzere nditagwira pensulo, kuona zikhadabo, mano, kuseri kwa makutu, kenako m'mutu. Pensuloyo inali yopatulira tsitsi, chifukwa sindinkafuna kuti chala changa chikhudze mutu wa mwana wa eni. Ndikapeza nsabwe sindinkanong'ona ayi. Ndinkamutulutsa mwanayo pamzere, kumuimika kutsogolo, n'kunena mokweza kuti apite akawauze mayi ake kuti madzi pamjigo sanaphwe. Anzake ankafa nacho chiseko, ine n'kumati ndikuphunzitsa ukhondo.

Ndinakulira m'mapiri a ku Ntchisi, m'nyumba ya mkulu wa mpingo, momwe mbale zinkatsukidwa kawiri ndipo pabwalo pankasesedwa dzuwa lisanatuluke. Kwathu tinkadziwa kuti nsabwe ndi za anthu auve, ndipo sindinaganizepo zofunsa ngati zimenezi zinali zoona. Nditakwatiwa n'kupatsidwa malo pasukulu ina ya kumudzi ku Dowa, pakati pa alimi a fodya, ndinafika ndi mtima womwewo. Nyumba yathu inali yamalata, yopaka laimu, ndipo ndinkadziona ngati chitsanzo cha mudzi wonse.

Nthawi imeneyo tinali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anali asanayambe sukulu, choncho lamulo lometa linali lisanamupeze. Tsitsi lake linali lambiri, lakuda bii, ndipo ndinkalisamala kuposa momwe ndinkasamalira langa. Chaka chimenecho mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, ankakwatiwa kwawo ku Msakambewa Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti, ndipo mwana wanga ndi amene anasankhidwa kunyamula maluwa patsogolo pa mkwatibwi. Diresi loyera linali litasokedwa kale, tinsapato titagulidwa. Tsiku ndi tsiku ankayeserera pabwalo kayendedwe kake, atanyamula tsache m'malo mwa maluwa, akudziimbira yekha nyimbo. Bambo ake anatsogola kumudzi Lolemba kukathandiza zokonzekera, ife tinali oti tinyamuke Lachisanu masana mwanayo akangomaliza kulukidwa.

Lachitatu m'mawa ndinamukhazika pampando kuti ndimasule malukidwe akale. Nditangomasula mzere woyamba pafupi ndi khutu, ndinaona kanthu kakuyenda. Ndinati mwina ndi kachitsotso. Nditapatula bwino ndi zala, ndinakaona bwinobwino. Zinali nsabwe, osati imodzi kapena ziwiri, ndipo mazira ake anali atamatirira kutsinde kwa tsitsi kuyambira kuseri kwa makutu mpaka kunkhongo. Pakhungu panali tizilonda ta zikhadabo. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti kwa milungu iwiri mwanayo ankakanda m'mutu, ndipo ine ndinkamumenya padzanja n'kumamuuza kuti mtsikana wolongosoka sakanda m'mutu pamaso pa anthu.

"Amayi, mwasiyiranji?" anandifunsa.

"Palibe. Khala bwino."

Njira yabwino ndinkaidziwa, ndisaname. Ndinaonapo amayi ena akuchita: kupaka mafuta, kupesa ndi chipeso cha mano othinana, kusolola mazira limodzilimodzi ndi zikhadabo, kenako kubwereza mawa lake ndi mkuja mpaka sabata imodzi kapena ziwiri. Ina inali yongometa. Koma ine ndinali ndi masiku awiri okha, ndipo zometa sindinafune n'komwe kuziganizira. Chinandisowetsa mtendere kwambiri chinali mayi amene anali woti adzamuluke Lachisanu. Anali mnzanga wa kumpingo, waluso pa tsitsi, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Akanangopeza dzira limodzi, pofika Lamulungu mpingo wonse ukanadziwa kuti aphunzitsi aja a pensulo akuweta nsabwe m'nyumba mwawo. Ndinkawaona m'maganizo amayi onse amene ndinawabwezera ana awo, akugwirana m'manja ndi chiseko. Kunena zoona, m'mawa umenewo sindinaganize za kuyabwa kwa mwana wanga. Ndinkaganiza za ine.

Kutsidya kwa bwalo la mpira kunkakhala mayi wina mlimi wa fodya, wa ana anayi. Awiri mwa anawo ndinali nditawaimikapo kutsogolo. Tinkangopatsana moni, osapitirira apo. Chakumasana ndinamulondola kudambo komwe ankathirira nazale yake ya fodya.

"Aphunzitsi, lero mwatiyendera mpaka kuno? Kwagwanji?" anatero akutula khenu.

"Kulibe, mayi. Ndimati ndikufunseni. Pali mwana wina wa m'kalasi mwanga, nsabwe zamuvuta. Inu mumatani kuti zithe msanga, tsiku limodzi?"

Sukulu inali itatsekera milungu itatu m'mbuyomo, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo. Koma sanandichititse manyazi.

"Zotha tsiku limodzi kulibe, aphunzitsi. Alipo ena amathira mankhwala omwewa a kunazale. Inenso ndinayesapo kamodzi, kadontho kokha m'mafuta ophikira, n'kutsuka nthawi yomweyo. Koma sindinabwerezenso, mwana anandidandaulira mutu tsiku lonse. Zimene zija si zabwino. Mwanayo mubwere naye kwathu, tikhale pansi tonse timusankhe. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

Mwambi umenewo ndinaulembapo pabolodi kosawerengeka, ana n'kumaubwereza. Koma pa zonse zimene mayiyo ananena, khutu langa linatola chimodzi chokha, chakuti mankhwala a kunazale amapha nsabwe. Ndinathokoza n'kubwerera.

Amuna anga ankalimanso kafodya pang'ono monga amachitira aphunzitsi ambiri kumeneko, ndipo m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa matumba a chimanga, munali botolo la mankhwala opopera. Pepala lake linali litafufutika ndi chinyezi. Ndinathira mafuta ophikira m'kambale, n'kutsegula botolo lija. Mayi uja anati kadontho. Ine ndinaganiza kuti kadontho n'ka anthu amene ali ndi nthawi. Ndinadzaza chotsekera cha botolo n'kuthira, ndipo poona kuti tsitsi la mwana wanga ndi lambiri, ndinawonjezeranso china.

Nditayamba kumupaka anakwinya nkhope.

"Amayi, zikununkha."

"Pirira."

"Amayi, zikuwotcha."

"Iwe, ukwati ukuufuna kapena sukuufuna? Ukafuna ndikumete mpala, maluwa akanyamule wina."

Ndinapaka mpaka pakhungu, pa tizilonda tija, kuti pasatsale dzira lamoyo. Kenako ndinamuveka jumbo kumutu kuti mankhwala asauluke, pamwamba pake n'kumumanga duku langa kuti wina akasuzumira asaone jumboyo. Ndinamuuza kuti asatuluke, ndipo asayerekeze kuvula dukulo mpaka ine nditabwera. Ndinatseka mawindo kuti fungo lisamveke panja, n'kukoka chitseko. Dzuwa linali lili paliwombo, ndipo malata anali atayamba kale kutentha.

Ndinasonkhanitsa zofunda zonse, mapilo ndi zovala zake, n'kupita nazo kumjigo. Kumeneko ndinachapa ndi mtima wonse. Amayi amene ndinawapeza anandiseka kuti aphunzitsi akuchapa ngati ukwati ndi wawo, ine n'kuseka nawo. Ndinatsukuluza kawiri, kuyanika pa udzu, n'kuima pang'ono kucheza za mitengo ya zitenje. Ndikawerengera bwino, panatha maola awiri.

Pobwera, chitseko chinakana kutseguka bwino. Nditakankha, ndinapeza kuti chimene chinkatchinga chinali mwana wanga. Anali atagona pansi pafupi ndi khomo, atasanza pa diresi ndi pasimenti. Malovu ankangotuluka m'kamwa osaleka, thupi lonse lili thukuta lokhalokha, timinofu ta kumaso ndi m'manja tikunjenjemera tokha. Popuma, pachifuwa pankamveka phokoso la madzi. Ndinamuitana, maso anatsegula koma sanandione. Duku lija linali lili chimangire momwe ndinalisiyira. Anafika mpaka pakhomo, koma sanatuluke ndipo sanalivule, chifukwa amayi ake anali atamuletsa.

Sindikumbukira kuti ndinakuwa motani. Ndimangokumbukira mayi wa kutsidya uja akulowa m'nyumba chothamanga, matope a kudambo ali m'miyendo. Fungo linamuuza zonse. Sanandifunse kanthu. Anakoka duku ndi jumbo n'kuponya panja, kumuvula mwana diresi, kumunyamula mpaka pabwalo, n'kuyamba kumukhuthulira madzi a mumtsuko akumupaka sopo m'mutu.

"Mkaka! Ndikapeze mkaka timumwetse," ndinatero ndikuzungulirazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu.

"Mkaka wa chiyani, munthu sakumeza? Thirani madzi apa! Botolo lili kuti?"

Aka kanali koyamba kuti munthu wa m'mudzimo andikalipire, ndipo ndinamvera ngati mwana wa sitandade wani. Amuna ake anabwera ndi njinga yamoto. Tinamukulunga mwana m'chitenje chouma, ine n'kukwera kumbuyo nditamufungata pakati. Tisananyamuke, mayiyo anandikankhira botolo lija m'chiuno mwa chitenje changa.

"Mukawaonetse adokotala. Musakabise."

Msewu wopita kuchipatala cha mishoni ndi wokwera ndi kutsika, wafumbi, wamabampu. Njira yonse ndinaika dzanja pachifuwa pake kuti ndizimva ngati akupuma. Ndinayesa kupemphera, koma mawu amene ankabwera anali akuti pepa, pepa, pepa, ndipo sindikudziwa ngati ndinkauza Mulungu kapena mwanayo.

Chimene ndinachita titafika ndi chimene chimandipweteka kuposa zonse. Atamugoneka pabedi, adokotala anandifunsa mofulumira kuti mwanayu wadya chiyani, wamwa chiyani, wayamba liti. Pafupi panali amayi ena odikirira odwala, onse makutu ali tcheru. Ine, botolo lili m'chiuno, mwana wanga akukoka mpweya movutika pamaso panga, ndinayankha kuti, "Kaya, mwina ndi malungo."

Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Anga anatsala pang'ono kupha mwana.

Namwino wina wachikulire, amene ankafuna mtsempha pamkono wa mwanayo, anawerama n'kununkhiza tsitsi lake lonyowa. Anadzuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Mayi, mwana uyu mwamuthira chiyani m'mutu? Nenani msanga, tidziwe jakisoni womubaya. Nthawi tilibe."

Ndinatulutsa botolo lija. Adokotala analinunkhiza, kuyang'ana m'maso mwa mwana ndi tochi, n'kuyamba kuitanitsa mankhwala. Anamubaya jakisoni, patapita kanthawi n'kumubayanso, kenako n'kumubayanso. Anamuika diripi ndi kachubu ka mpweya m'mphuno. Namwino uja anatenga sizasi ndi lezala, n'kumeta tsitsi lonse kuti atsuke bwino khungu. Tsitsi limene ndinkaliteteza linagwera pansi m'mphindi zochepa, wina n'kubwera kudzalisesa. Khungu la m'mutu linali lofiira, losupuka m'malo ena.

Polemba m'buku, adokotala anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Ndinati ndine mphunzitsi. Anaimitsa cholembera kanthawi kochepa, kenako n'kupitiriza kulemba. Akananditukwana, mwina zikanandipepukira.

Bambo ake anafika Lachinayi m'mawa. Anaima nthawi yaitali pambali pa bedi akuyang'ana mutu wa mwana wawo. Nditawafotokozera zonse panja, pansi pa mtengo, sanakweze mawu. Anangoti, "Bwanji simunandiimbire? Nsabwe zokha?" Tsiku lonselo mwana anali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo anamwino akamadutsa ndinkawerenga nkhope zawo kuti ndidziwe kumene zinthu zikulowera. Lachisanu chakumasana malovu analeka, kupuma kunayamba kumveka bwino, ndipo anapempha madzi. Ndinalowa kuchimbudzi n'kukalira kumeneko.

Namwino wachikulire uja ndi amene anakhala nane pansi tsiku lotsatira. Sanandinyoze, koma sanandinyengererenso. Anati khungu la mwana limamwa poizoni ngati nsalu, makamaka pakakhala zilonda, ndipo jumbo ija pamodzi ndi kutentha zinangothandiza kuti mankhwala alowe msanga. Anati si ine woyamba, amabwera ena othira parafini, ena ufa wotetezera chimanga ku anankafumbwe. Anandiuza kuti alipo mankhwala opangidwira mutu wa munthu, ndipo ngakhale popanda amenewo, mafuta, chipeso chothinana ndi kuleza mtima zimakwanira, bola kubwereza masiku angapo, kuona mitu ya onse a m'nyumba ndi kuyanika zofunda padzuwa. Pomaliza anati, "Nsabwe sizifunsa kuti mwanayu wasamba kapena ayi. Ana akagundanitsa mitu posewera, zawoloka basi." Ndinaganiza za ana onse amene ndinawaimika kutsogolo, ndipo ndinasowa poyang'ana.

Ukwati unachitika Loweruka lomwelo, maluwa ananyamula mwana wina. Amuna anga anapitako kukaonekera, n'kuuza abale kuti mwana wagonekedwa ndi malungo aakulu. Anachita zimenezo pofuna kunditchinjiriza, ndipo ine sindinawaletse. Lamulungu mwana anandifunsa ngati ukwati wapita. Nditavomera, anakweza dzanja n'kusisita mutu wake wopanda tsitsi. Sanalire. Anangotembenukira kukhoma.

Lolemba kunabwera apongozi anga kudzazonda mdzukulu wawo, atanyamula mabanzi ndi nyama yotsala paukwati. Atamuona anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Malungo ake otani ometa mwana mpala chonchi? Nanga zilondazi? Tandiuza, mdzukulu wanga, chinachitika n'chiyani?"

Mwanayo anandiyang'ana ine kaye, kenako agogo ake.

"Ndi malungo, agogo."

Palibe amene anamuphunzitsa kuyankha choncho. Anangoona yekha kuti nkhaniyi amayi ake akuiopa, n'kuisenza. Apongozi anapukusa mutu n'kuyamba kumusendera nthochi.

Sukulu itatsegulira mu Sepitembala anayamba sitandade wani. Mutu wake sunadabwitse aliyense poti ana onse anali ometa. Ine ndinapitiriza kuyendera ukhondo, koma zoimika ana kutsogolo ndinasiya. Ndikapeza nsabwe ndinkadikira kuweruka, n'kupita ndekha kukalankhula ndi mayi wa mwanayo, ndipo mawu anga oyamba ankakhala akuti asayerekeze kuthira mankhwala a kumunda. Ena ankadabwa kuti aphunzitsi alowa mpingo wina kapena bwanji. Chifukwa chake sindinauze aliyense, ndipo mayi wa kutsidya uja ndi amuna ake sanaulule kanthu.

Kunyumba zinthu zinkaoneka ngati zabwerera m'malo. Ankadya, ankasewera, ankaimba. Koma anayamba kusamba yekha, n'kumakana kuti ndimuthandize. Ndikatenga mafuta kuti ndimupake kumutu, ankati wapaka kale. Tsiku lina m'tchalitchi ndinangoika dzanja pamutu pake monga amachitira mayi aliyense, iye n'kudzidzimuka ngati wagwidwa ndi moto, kenako n'kundimwetulira mondipepesa. Ndinadziuza kuti ndi mwana, aiwala.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, tsitsi lake linali litameranso pang'ono. Ndinaona kuti masiku angapo otsatizana akaweruka ankangodya n'kusowa, kubwera dzuwa litapendeka. Loweruka masana ndinamulondola. Ana amene ankasewera pabwalo la mpira anandilozera kutsidya.

Ndinawapeza pakhonde. Mayi uja anali atakhala pamkeka atatambasula miyendo, pambali pali kambale ka mafuta ndi kansalu koyera. Mwana wanga anali atagona chammbali, mutu uli pamiyendo pa mayiyo, maso atatseka. Mayiyo ankapesa pang'onopang'ono, kupukutira chipeso pakansalu, n'kuswa zimene wapeza pakati pa zikhadabo. Ankang'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi. Chichokereni kuchipatala ndinali ndisanamuonepo mwana wanga atamasuka chotero.

Mayiyo atandiona anasiya kuimba.

"Pepani aphunzitsi, musandimvere molakwa. Anabwera yekha Lachiwiri. Anati m'mutu mukumuyabwa, ndimuthandize, koma ndisakuuzeni. Ndimati ndimalize kaye ndiye ndibwere tidzakambirane. Zatsala zochepa."

Mwanayo anali atatsegula maso. Ndinagwada pamkeka, n'kuyesetsa kuti mawu anga atuluke ofewa.

"Palibe cholakwa, mwanawe. Sindikukalipira. Bwera ugone apa, nditenge chipeso ndimalize ine."

Anadzuka msangamsanga, n'kuphimba mutu ndi manja onse awiri. Anabwerera chafutambuyo mpaka anakaima kuseri kwa mayiyo, atagwira bulauzi yake.

"Zatha, amayi. Zoonadi zatha, palibenso. Chonde musandithire."

Mayi uja anaweramitsa nkhope, chipeso chili m'manja. Ndinafuna kunena kuti sindidzachitanso, kuti botolo lija linatsala kuchipatala, kuti ndine mayi ake. Koma ndinaona momwe tizala take tinagwirira bulauzi ija, ndipo ndinadziwa kuti mawu sangathandize. Ndinasuntha n'kukakhala kumapeto kwa khonde, kutali pang'ono, n'kuuza mayiyo kuti apitirize. Panapita nthawi mwana wanga asanagonenso pamiyendo paja, ndipo atagona sanatsekenso maso. Ankandiyang'anitsitsa m'manja mpaka mayiyo anamaliza.